Akamati mlembi wa nkhani zazifupi wayamikiridwa, amamuyamikira ndani, pa chiyani?

Nthawi ndi nthawi pa Facebook pamadutsa positi yoti mlembi wakutiwakuti wayamikiridwa ndi akatswiri akunja, kapena nkhani yake yalowa pa ndandanda wa mphotho ina yake, ndiye tonse timathamangirako kukathira tizithunzi ta moto ndi mbendera, wina kulemba kuti mwatiimilira bwana, wina kuti Malawi woyee, koma mutati mufunse kuti mwa anthu onsewo amene waiwerenga nkhaniyo ndani mupeza ndi ochepa zedi. Sindikunena kuti kusangalala nkolakwa ayi, mnzako akapambana umayenera kuvina naye. Koma matamando a akatswiri ozukuta nkhani ali ndi njira yake imene amadutsa, ali ndi eni ake, ndipo ali ndi zinthu zimene amayang'ana, ndiye ngati sitikuzidziwa zimenezi tizingoombera m'manja zinthu zoti sitikuzimva, komanso alembi athu achinyamata kuno ku Blantyre azingolemba mwa chiponyeponye osadziwa kuti nkhani yabwino imadziwika bwanji.

Tiyambe ndi munthu wathu yemwe, Stanley Onjezani Kenani, chifukwa pa nkhani zazifupi za Chingerezi ndi iyeyu amene dzina lake linamveka kwambiri kunja. Nkhani yake ya For Honour inapeza mphotho pa mpikisano wa bungwe la alembi la SA PEN ku South Africa mu 2007, ndipo amene anasankha opambana anali J.M. Coetzee, mlembi amene anali atalandira kale mphotho ya Nobel mu 2003. Nkhaniyo inasindikizidwa m'buku la African Pens, ndipo kuchokera m'bukumo inakalowa pa ndandanda wa nkhani zisanu zomaliza za Caine Prize, mphotho ya nkhani zazifupi za alembi a mu Africa, mu 2008. Chaka chimenecho anapambana Henrietta Rose-Innes wa ku South Africa, yemwenso nkhani yake inali m'buku lomwelo. Mu 2011 buku lake la For Honour and Other Stories linatuluka ku South Africa konko, kenaka mu 2012 analowanso pa zisanu zomaliza za Caine ndi nkhani ya Love on Trial, ulendo umenewu mphotho inapita kwa Rotimi Babatunde wa ku Nigeria. Kufika kawiri pa ndandanda umenewu si masewera, alembi a mu Africa yense amalimbirana timipando tisanu timeneti.

Taonani mmene zinayendera, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mpikisano, kenaka buku, kenaka wosindikiza bukulo kutumiza nkhani ku mphotho yaikulu, kenaka majaji, kenaka olemba m'manyuzi ndi pa intaneti kuyamba kuizukuta. Matamando sagwa kumwamba ngati mvula, amatsata nkhani imene yadutsa pa zipata zimenezi. Ku Caine mlembi sutumiza wekha nkhani yako, amatumiza ndi amene anaisindikiza, ndipo nkhaniyo iyenera kukhala yoti inatuluka kale m'Chingerezi, yosachepera mawu 3,000. Pamenepa basi nkhani zambiri za kuno zagwa kale, chifukwa nkhani imene imakwana pa tsamba limodzi la nyuzi ya Loweruka, ndi chithunzi chojambula pamanja pambali pake, sifika mawu amenewo. Mphothoyi inayamba kuperekedwa mu 2000, dzina lake likuchokera kwa Sir Michael Caine amene anali mkulu wa kampani ya Booker, osati wa mafilimu uja, ndipo wopambana amalandira mapaundi 10,000. Woyamba kupambana anali Leila Aboulela wa ku Sudan. Binyavanga Wainaina wa ku Kenya atapambana mu 2002 anakathandiza kuyambitsa magazini ya Kwani? ku Nairobi, ndipo magazini imeneyo inatulutsa alembi ena ambiri, chaka chotsatira chomwe Yvonne Adhiambo Owuor anapambana Caine ndi nkhani yotuluka mmenemo. Mnzathu wa pafupi, Namwali Serpell wa ku Zambia, atapambana mu 2015 anagawana ndalamazo ndi anzake anayi a pa ndandanda chifukwa sankagwirizana ndi zoti alembi azipikisana ngati othamanga.

Nanga akatswiriwo amayang'ana chani akamawerenga? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono. Tonse amene tinadutsa ku sekondale tikukumbuka mawu aja a mu kalasi ya Chichewa, ampangankhani, mfotokozankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa zochitika, ndi phunziro la nkhani. Vuto ndi lakuti mayeso anatizoloweza kuthamangira pa phunziro, nkhani ikangotha funso ndi lakuti tikuphunzirapo chani, ndiye tinakula ndi maganizo oti nkhani yabwino ndi imene ikulangiza bwino. Wozukuta nkhani weniweni phunzirolo amalisiya kumapeto, mwinanso osalifunsa nkomwe. Iye amayamba ndi chiganizo choyamba, kodi chandigwira kapena ayi. Amafuna amve mawu a munthu wolankhula m'nkhanimo, ngati ndi kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande alankhule ngati kondakitala osati ngati mphunzitsi wamkulu pa asembule. Amaona ngati pali ndime imene mutaichotsa nkhani sipunduka, chifukwa nkhani yaifupi ilibe malo osungira katundu wosafunika. Buku lalitali likhoza kusochera masamba khumi nkubwerera, nkhani yaifupi ikasochera ndime ziwiri yafa.

Ndipereke chitsanzo changa chongopeka kuti timvane. Mlembi wina alemba kuti mayi uja anali wosauka kwambiri ndipo moyo wake unali wa mavuto okhaokha. Chabwino, tamva, koma sitinaone kanthu. Wina alemba kuti mayi uja atafika pa tilu anamasula mfundo ya chitenje, nawerenga ndalama kawiri, kenaka anachotsa sopo m'basiketi nkumuika pambali osayang'ana mwana wake kumaso. Mawu oti umphawi sanatchulidwe paliponse koma mtima wakupweteka, ndipo wadziwanso kanthu kena za mayiyu, kuti ali ndi manyazi pamaso pa mwana. Wozukuta akamalemba kuti mlembi uyu ali ndi diso, kapena kuti sawononga mawu, akunena zinthu ngati zimenezi. Ndipo wozukuta wabwino amakulozera chiganizocho, amati onani apa, ndime yachitatu, taonani chimene wachita. Matamando opanda chala cholozera ine sindiwawerengera kwenikweni.

China chachikulu ndi mathero. Nkhani zathu zambiri za m'nyuzi zimatha mwa njira zitatu zomwezomwezo, munthu woipa kumangidwa kapena kufa, mpangankhani kudzidzimuka nkupeza kuti anali maloto, apo ayi mlembi kutulukira yekha poyera nkuyamba kutilangiza kuti abale tisamachite zotere. Akatswiri amakonda mathero amene amasiya wowerenga ali ndi ntchito, nkhani yatha koma mutu ukuyendabe. Alice Munro wa ku Canada, amene analandira Nobel mu 2013 atalemba pafupifupi nkhani zazifupi zokhazokha moyo wake wonse, ankayamikiridwa kwambiri pa zoterezi komanso pa luso lolowetsa zaka makumi a moyo wa munthu m'masamba ochepa, ndipo nkhani zake zambiri zimachitika m'timatauni tating'ono ta ku Ontario kwawo, anthu wamba, amayi a pakhomo, alimi. A komiti ya Nobel anamutcha katswiri wa nkhani yaifupi ya makono. Ndimamutchula chifukwa achinyamata ena amaganiza kuti kuti uyamikiridwe kunja uyenera kulemba za ndege ndi mahotela a ku London, pamene mayiyu anatchuka ndi kulemba za kwawo komweko.

Tsopano tibwerere ku Love on Trial, chifukwa nkhani imeneyi ikuonetsa bwino kuti matamando ndi kudzudzula zimayendera limodzi. Amene munali mu Blantyre muno kumapeto kwa 2009 mukukumbuka za anthu awiri aja amene anachita chinkhoswe ku Chirimba namangidwa pa mlandu wa chibwenzi cha amuna okhaokha, khoti linawagamula zaka 14 mu Meyi 2010, kenaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa pamene mkulu wa United Nations Ban Ki-moon anabwera kuno. Dziko lonse linali pa mkangano, m'maminibasi, m'matchalitchi, pa wailesi. Nkhani ya Kenani inalembedwa mphepo imeneyo ikuombabe. Ikukamba za mnyamata wophunzira za malamulo amene wapezeka ali ndi mwamuna mnzake, koma chimene chili chanzeru ndi chakuti nkhaniyo siyambira pa mnyamatayo, ikuyambira pa bambo wina wokonda mowa, a Kachingwe, amene anawapezererawo, ndipo atchuka m'mudzi monse chifukwa aliyense akufuna amve zimene anaona, iwo nkumaigulitsa nkhaniyo ndi mowa, wofuna kumva agule kaye. Pamenepo mlembi anatigwira bwino Amalawi, mmene timakondera miseche, mmene tsoka la mnzathu limasandukira chisangalalo cha pa bawo. Kumapeto mayiko opereka thandizo anyanyala, mankhwala asowa m'zipatala, ndipo a Kachingwe omwe aja ndi amene akuvutika.

Mu 2012 olemba pa intaneti a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana zowerenga nkhani zisanu zija za Caine imodziimodzi nkumalemba maganizo awo. Ambiri anayamikira kulimba mtima kwa mlembi pogwira nkhani yoti kwawo ndi yotentha, komanso nthabwala za koyambirira kuja. Koma enanso ananena mosabisa kuti pakati pa nkhani, pamene mnyamatayo akuyankha mafunso pa kanema, nkhani yasanduka mtsutso, anthu akulankhula mfundo m'malo molankhula ngati anthu, ndipo mathero ake okhala ndi nthano yolangiza akulalikira kwambiri. Ine mbali ina ndimagwirizana nawo, gawo la pa kanema lija limalemera. Koma pa za nthano ya kumapeto ndimasiyana nawo, chifukwa kwa ife munthu kufotokozera mnzake wodwala kanthano pofuna kumuuza choonadi chowawa ndi mmene timalankhulira enieni, agogo athu sankakuuza mwachindunji kuti walakwa, ankakuponyera nthano kuti udzipeze wekha mmenemo. Wowerenga wa ku New York akhoza kuona ngati mlembi waika ulaliki, wa ku Chilomoni aona kuti ndi mmene madala amachezera. Onse awiri awerenga nkhani imodzi, ndipo mkangano woterewu ndi umene umasonyeza kuti nkhani yawerengedwa ndithu. Mlembi amene amakambidwa chonchi walemekezedwa kuposa amene anthu angomulembera kuti zabwino kwambiri pitirizani.

Palinso dandaulo lina lakale pa mphotho zimenezi lomwe tiyenera kulidziwa. Anthu ambiri olemba za mabuku mu Africa akhala akunena kuti majaji ndi osindikiza a ku Ulaya amakopeka ndi nkhani za njala, nkhondo, matenda ndi ana a mumsewu, ndiye alembi achinyamata poona zimene zikupambana amayamba kulemba zomwezo kuti nawonso aoneke. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe anapambana Caine mu 2011 ndi nkhani ya ana anjala opita kukaba magwafa ku dera la anthu olemera, nkhaniyo inadzakhala mutu woyamba wa buku lake limene linafika pa ndandanda womaliza wa mphotho ya Booker mu 2013, ndipo Helon Habila, amenenso anapambanapo Caine mu 2001, polemba za bukulo mu nyuzi ya Guardian anafunsa ngati alembi sakuunjika mavuto onse a Africa m'buku limodzi pofuna kusangalatsa owerenga akunja, ngakhale anayamikiranso luso la mlembiyo. Bernardine Evaristo, amene anali wapampando wa majaji a Caine mu 2012 chaka cha Kenani chija, naye ananena poyera kuti nthawi yakwana yoti nkhani za mu Africa zipitirire pa zithunzi zozolowereka zimenezi. Ine maganizo anga ndi akuti umphawi ulipo, tikuuona tsiku lililonse pa Wenela ndi mu Limbe, ndipo palibe amene angaletse mlembi kulemba zimene akuona. Funso ndi lakuti akulembera ndani. Ukamawerenga umatha kumva ngati mlembi akulankhula ndi iwe kapena akulozera mlendo kuti taonani mmene amavutikira anthu awa, zimaonekera pa tinthu tating'ono, monga kuima pakati pa nkhani nkuyamba kufotokoza kuti nsima ndi chani.

Nanga mawu aja a pa chikuto cha buku, oti nkhani zogwira mtima, mlembi woti tonse timuyang'anire? Amenewo muziwatenga mosamala. Kawirikawiri wosindikiza amatumiza buku lisanatuluke kwa alembi otchuka kuti anenepo mawu, kapena amadula chiganizo chimodzi chokoma kuchokera mu ndemanga yaitali imene mwina inali ndi zodzudzula zambiri. Si bodza ayi, koma ndi malonda. Ndipo osindikiza amawafunitsitsa mawu amenewa pa mabuku a nkhani zazifupi chifukwa mabuku otere sayenda malonda ngati buku la nkhani imodzi yaitali, nchifukwa chake mlembi akangopambana mphotho ya nkhani yaifupi funso loyamba limene amalandira ndi lakuti buku lalitali lili kuti.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha kuno kwathu. Mzinda uno si wachilendo pa zozukuta zolemba. Gulu lija la alembi la ku Chancellor College, limene munadutsa anthu ngati Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, linayamba mu 1970 koleji imeneyo idakali pa Chichiri pompano isanasamukire ku Zomba mu 1973. Ankakumana kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani nkumadzudzulana maso ndi maso, nthawi imene bungwe la boma lounika mabuku, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkatha kuletsa buku lililonse, ndipo mawu olakwika ankatha kukutengera ku ndende ya Mikuyu monga zinachitikira Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Anthu amenewo ankazukutana pa nthawi yoopsa chonchija. Steve Chimombo, amene anatisiya mu 2015, anayendetsa magazini ya WASI zaka zambiri kuti zaluso zathu zizikhala ndi pokambidwira. Ku Limbe a Montfort ankatulutsa mabuku a alembi a kuno kudzera ku Popular Publications komanso magazini ya Moni. Lero tili ndi ufulu wolankhula, tili ndi mafoni m'manja, nyuzi zikutulutsabe nkhani zazifupi kumapeto kwa sabata, bungwe la alembi la MAWU lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi, koma nkhani ikapambana chimene timamva ndi dzina la wopambana, ndalama zimene walandira, ndi chithunzi akugwirana chanza ndi mlendo wolemekezeka. Chifukwa chimene nkhaniyo yaposera zinzake sitimva kawirikawiri. Ndiye mnyamata wa ku Bangwe amene nkhani yake yagwa aphunzira bwanji? Angoganiza kuti panali kukondera.

Gawo lina la vutoli ndi chikhalidwe chathu chomwe, timaopa kukhumudwitsana. Alembi mu Blantyre ndi ochepa, onse amadziwana, amakumana pa zochitika zomwezomwezo, amene ukumudzudzula lero mawa ndi amene akhale jaji pa mpikisano umene walowa, ndiye aliyense amangoti bwana mwalemba bwino. Ndipo wina akalimba mtima nkunena kuti nkhani iyi mathero ake ndi ofooka, mlembi amazitenga ngati watukwanidwa, anzake nkubwera kudzati ndi nsanje imeneyo, lemba yako tione. Koma wozukuta sayenera kukhala mlembi woposa amene akumuzukutayo, ayenera kungokhala wowerenga wachilungamo amene angathe kuloza pamene pakoma ndi pamene paterera.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo, imene ndi yaikulu kuposa zonsezi. Mayina onse ndatchula pamwambapa ayamikiridwa pa zolemba za Chingerezi. Nkhani yaifupi ya Chichewa, ngakhale itakoma bwanji, ilibe khomo lolowera ku Caine pokhapokha wina aimasulire nkuisindikiza m'Chingerezi. Izi sizinayambe lero. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'chilankhulo chathu ndipo inapambana pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, nkusindikizidwa mu 1933, koma dziko lakunja linamudziwa m'mishonale T. Cullen Young atamasulira bukulo m'Chingerezi mu 1934, wasayansi wa ku Britain Julian Huxley nkulembapo mawu otsogolera. Alembi ngati John Gwengwe, Ezra Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani anawerengedwa ndi mibadwo yathunthu, anthu amakumbukabe ampangankhani awo mpaka lero, koma fufuzani zolembedwa zozukuta luso lawo m'Chichewa momwemo zoti munthu wamba angawerenge, zambiri zimene mupeze ndi timabuku tothandiza ana kukhoza mayeso. Chichewa chili ndi zida zimene Chingerezi chilibe, mawu aja ongoti phwii, zii, balalabalala, amene amajambula chinthu chonse ndi liwu limodzi, kusintha kochoka pa iwe kupita pa inu pakati pa mkangano wa banja kumene kumakuuza kuti zinthu zafika poipa popanda mlembi kunena. Jaji wa ku Ulaya sangaziyamikire zimenezi chifukwa pomasulira zimatayika. Amene angaziyamikire ndi wowerenga wa kuno, ndipo akapanda kulemba iyeyo ndiye kuti palibe alembe.

Kwa amene mukulemba ndipo mukufuna kuyesa zipata za kunjazo, Commonwealth Short Story Prize ndi yofikirika kuposa Caine. Kulowa ndi kwaulere, umatumiza wekha pa intaneti, nkhani ikhale yoti sinasindikizidwepo, mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo nthawi zambiri amatsegula pa 1 Seputembala nkutseka pa 1 Novembala. Wopambana chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000, ndipo kwa zaka zambiri nkhani za opambana m'zigawo zinkatuluka pa tsamba la magazini ya Granta, kumene osindikiza mabuku akuluakulu amasuzumirako. Jennifer Nansubuga Makumbi wa ku Uganda anapambana mu 2014. Amalandira nkhani m'zilankhulo zina zingapo kuphatikizapo Chiswahili, Chichewa palibe pa ndandandawo, koma nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo china chilichonse amailola, ndiye amene mumalemba m'Chichewa mukhoza kupeza mnzanu wodziwa kumasulira bwino nkugwirira limodzi, musanatumize muipereke kaye kwa anthu awiri atatu amene mukudziwa kuti saopa kukuuzani kuti tsamba lachiwiri lonse lichoke.